Thadzi Limene Linasamuka Lili Pamazila

Chaka chatha, sukulu itatsala pang'ono kutsekela tchuthi cha mphepo ya Ogasiti, aphunzitsi athu a phunzilo la mbili yakale anabwela m'kalasi ndi buku lalikulu lopanda chikuto. Tinali pa mutu wa kusamuka kwa anthu. Za Angoni tinali titamaliza kale, ndipo sizinatidabwitse kwenikweni chifukwa ana ambili m'kalasimo ankati makolo awo anali pa ulendo womwewo. Tsiku limenelo aphunzitsi anati, "Lelo tiwoloke nyanja."

Anatiuza za anthu a mpingo wina wa ku Ameleka, kalekale, amene anzawo anawada chifukwa cha mapemphelo awo. Anawatenthela nyumba, kuwathamangitsa uku, kuwathamangitsanso uko, mpaka anthuwo anatopa n'kugwilizana zopita kumene kumalowa dzuwa, kumene kunalibe wowadziwa. Oyamba anapita pa ngolo za ng'ombe. Osauka amene anatsatila pambuyo analibe ng'ombe, choncho anakhoma tingolo ta mawilo awili n'kumakoka okha ndi manja, ana akukankha kumbuyo. Anayenda miyezi ndithu. M'madela ena munalibe mtengo ngakhale umodzi, ndipo amayi ankatola ndowe zouma za njati n'kuphikila. Ambili anaikidwa m'mphepete mwa njila. Otsala anakafika m'chigwa chouma, pafupi ndi nyanja imene madzi ake ndi mchele wokhawokha, n'kuyamba kulima pomwepo.

Aphunzitsi anawonjezela zinthu ziwili zimene zinandikhala mumtima. Anati atsikana ena pa ulendowo ankalemba zimene aona tsiku ndi tsiku, monga momwe ine ndimachitila m'kabuku kanga. Anatinso oyamba aja ankabzala mbewu panjila, akudziwa kuti iwo sadzadyako, kuti odza pambuyo adzapeze chakudya.

Bukulo linayenda benchi ndi benchi. Anzanga ankaseka zipewa za amayi a pachithunzipo. Ine ndinaona china. Kumbuyo kwa ngolo imodzi anamangililako kakhola ka timitengo, ndipo pampata pake panatulukila mutu wa nkhuku. Ndinauyang'ana mpaka mnzanga anandigunda ndi chigongono kuti ndipeleke buku.

Sabata isanathe, adada anatiitana pakhonde n'kutiuza kuti tikusamuka. Munda wathu unali utaguga, ndipo mitengo yomangila zigafa za fodya inali itatha m'dela lonse. Ankhazi, mlongo wawo wa adada amene anakwatiwa ku Chikomeni, anali atatipezela malo chakufupi ndi nkhalango ya Lukusuzi. Amama anangoyang'ana pansi. Mkulu wanga anatupitsa masaya, chifukwa ankadziwa kuti za kupita kumsika wa ku boma Loweluka lililonse zatha.

Ine ndine munthu wosakonda kuyankhula. Aphunzitsi akandiloza, yankho limakhala lilipo m'mutu koma limakanilila pakhosi. Alendo akabwela kunyumba ndimapeza chochita kuseli. Koma tsiku limenelo ndinafunsa.

"Adada, ku Chikomeni n'kuti?"

Adada analoza ndi milomo kumene kumalowa dzuwa.

Ndinanyamuka mwaulemu, kupita kuseli kwa nkhokwe, n'kudumpha. Ndinadumphanso. Galu wathu anandiyang'ana n'kusuntha malo. Tinali kupita kumadzulo, pa ngolo, ndi mphasa ndi makasu athu, ndipo m'nyumba yonse ndine ndekha amene ndinkadziwa kuti zimenezi zili m'buku.

Chovuta chinali nkhuku yanga. Asibweni, alongo awo a amama, anandipatsa ili kamsoti nditakhoza mayeso a giledi seveni. Inali ya khosi lopanda nthenga, ndipo mkulu wanga ankaitchula kuti muimba, koma ine ndinkaiona ngati mayi amene wavula mpango chifukwa cha kutentha. Nkhuku zina zonse adada anakagulitsa kumsika wa Lundazi kuti katundu achepe. Yanga yokha inatsala, chifukwa inali itakhalitsa pamazila.

"Nkhuku yofungatila saisamutsa," anatelo amama. "Pa ngolo mazila agwedezeka, asukusa, mwini wake awanyanyala. Tiisiyila anthu a nyumba iyo. Akaswa adzadya iwo."

Amama anamaliza kumanga mtolo wa mabulangete. Kenako ndinati, "Ndiisenza."

"Wati chiyani?"

"Ndiisenza pamutu, amama. Mutu sugwedeza ngati ngolo."

Mkulu wanga anaseka mpaka kugwila chitseko. Amama anatumiza nkhaniyo kwa adada, ndipo adada anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akuona mwana wa eni.

"Ukudziwa kutalika kwake?"

"Ayi, adada."

"Ukatopa, dengu lako silikwela ngolo. Ukalila, ndiimasula nkhukuyo pomwepo ikhale ya nkhandwe."

"Yewo, adada," ndinatelo, ndipo ndinapitanso kuseli kwa nkhokwe.

Tinanyamuka m'mamawa, mame asanaume. Amama anayala udzu wofewa m'dengu, n'kusamutsa mazila limodzilimodzi, thadzi likuwajompha m'manja. Analikhazika pamwamba, n'kuphimba dengu ndi chitenje chakuda kuti liziyesa kuti kunja sikunache. Ndinapinda nkhata yanga bwinobwino. Atanditwika, ndinamva kutentha kwa nkhuku kukudutsa m'dengu mpaka paliwombo.

Ngolo inali yobweleka, ng'ombenso zobweleka. Pamwamba pa matumba a chimanga panali mtondo, zitseko ziwili zimene adada anazula, ndi wailesi itakulungidwa m'bulangete ngati khanda. Adada ankayenda pambali ndi kamkwapulo. Ine ndinali pambuyo penipeni, khosi chilili, ndikuyenda pang'onopang'ono ngati mkwatibwi. Mumtima ndinkaimba. Fumbi linkandilowa m'kamwa chifukwa ndinkalephela kutseka pakamwa ndi kumwetulila.

"Mzungu wa ku Ameleka," anatelo mkulu wanga, chifukwa ndinali nditalakwitsa kumuuzako za buku lija. "Nyanja ya mchele ija tafika?"

"Sitinafike, asisi."

"Ukaiona undiuze, nditapeko wa ndiwo."

Sindikanatha kumutembenukila, choncho ndinamuyankha ndi maso okha, ndipo zimenezi zinamuseketsanso.

M'thumba la siketi ndinali nditabisamo nthanga za maungu. Tikafika pamalo ofewa ndinkagwetsa imodzi n'kuikwilila ndi chala chakuphazi, osawelama. Unali mwezi wouma, ndipo ndinkadziwa ndithu kuti sizingamele, koma dzanja linkangopita lokha m'thumba. Mkulu wanga atandigwila anayang'ana kumbuyo n'kunena kuti, "Odza pambuyo ako aja ndi awo." M'njila munali anyani atatu akufukula mbewu zanga mosafulumila, ngati anthu amene anauzidwilatu.

Dzuwa litafika pamutu tinapuma pansi pa mtengo wa msuku. Apa m'pamene ndinaphunzila kutula dengu. Munthu ukatula uli chiimile, dengu limapendekeka ndipo mazila amagundana. Ndinayenela kugwada kaye ndi mawondo onse awili, msana uli chilili, kenako kulinyamula ndi manja awili kulichotsa pamutu, kulitambasulila kutsogolo, n'kulitsitsa pang'onopang'ono. Amama anati ndachita bwino. Ndinapatsa thadzi madzi m'chivindikilo cha botolo, ndipo linamwa likundiyang'ana ndi diso limodzi, lokwiya.

Amama atati tiwotche mbatata, ine ndinathamanga n'kubwela ndi ndowe zouma za ng'ombe zodzaza siketi.

"Ichi n'chiyani?"

"Nkhuni, amama."

Amama anayang'ana ndowezo, kuyang'ana ine, kenako kuyang'ana tchile lonse lodzaza ndi nthambi zouma. "Mwana uyu sukulu yamuphunzitsa zotani, adada ake?"

Adada anatembenukila ku ng'ombe, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Chigawo chachiwili cha ulendo chinali chowawa. Khosi linauma, m'chiuno munayamba kutentha, mapatapata anandidula pakati pa zala. Ndinkaganiza za atsikana okankha tingolo aja, n'kumadziuza kuti iwo analibe ngakhale mbatata. Nthawi ina ndinayamba kumva kaphokoso pamwamba pa mutu, kakang'ono kwambili, ngati munthu akugogoda pambale ndi chikhadabo. Ndinaganiza kuti ndi nsungwi za dengu zikulila ndi dzuwa, kapena mafupa anga a m'khosi. Sindinauze munthu, kuopa kuti adada anganene kuti ndatopa.

Dzuwa litapendeka tinafika pamtsinje wouma, mudzi wa ankhazi ukuonekela kutsidya. Ngolo inalowa mumchenga n'kutitimila mpaka theka la mawilo. Ng'ombe zinakoka, zinagwada, zinaleka. Adada anavula shati.

"Inu awili pitani mukaitane alamu anga abwele ndi anthu."

Polowa m'mudzimo tinakumana ndi mayi wina amene anatiuza kuti amuna onse ali kudambo kuumba njelwa. Mkulu wanga anandilozela nyumba ya mpapaya pakhomo. "Kwa ankhazi ndi apo. Pita ukadikile. Ndi dengu lakolo undichedwetsa." Anathamanga n'kundisiya ndekha.

Ndikuyenda m'mudzimo ndinkamva kuti china chake chikusowa, koma sindinkadziwa kuti n'chiyani. Mbuzi zinalipo, ana analipo, koma pabwalo lililonse panali posesedwa bwino mopitilila, popanda wofukula. Makhola a nkhuku anali pululu, zitseko zake zili pansi.

Ankhazi ndinali nditawaona kamodzi kokha ndili wamng'ono. Ndi mayi wamkulu thupi, wa mawu omveka kutsidya kwa dambo. Anali pamphasa akusenda nshawa ndi amayi awili oyandikana nawo nyumba. Ndinati "Odi," koma ndikukhulupilila kuti amene anamva ndi thadzi lokha. Ndinayandikila. Khosi linali litafika pothela, ndipo ndinachita zimene ndinaphunzila pansi pa msuku paja. Ndinagwada ndi mawondo onse awili. Ndinachotsa dengu pamutu ndi manja awili. Ndinalitambasulila kutsogolo.

Ankhazi analilandila.

Ndinazindikila mochedwa. Kwathu, mwana wa mlendo akagwada pamaso pa mwini nyumba n'kutambasula chinthu ndi manja awili, palibe amene amafunsa tanthauzo lake. Ankhazi anatukula kansonga ka chitenje, anaona mutu wa nkhuku, ndipo nkhope yawo yonse inawala.

"Yewo, mwana wane, yewo chomene. Mwaona, anzanga? Mlongo wanga ameneyo. Anamva za mavuto athu." Anatembenukila kwa ine. "Chitopa chinasesa mudzi uno, mwana wane, sichinasiye ngakhale nthenga. Sabata yonseyi mtima uli m'mwamba. Mlongo wanga akubwela ndi banja lonse, ndimuphela chiyani? Munthu wochoka kutali n'kumupatsa masamba, ngati wabwela kumalilo a mphawi? Koma onani. Telekani madzi, amake mwana. Inu, mpeni uli pa denga apo."

Mayi mmodzi anapita kukasonkha moto. Winayo anatenga mpeni n'kuyamba kuunola pamwala wa pakhonde, uku akuyamika khosi la nkhuku yanga kuti lachepetsa ntchito yososola.

Ine ndinali ndidakali chogwada. Ndinayang'ana kunjila, koma kunalibe amama, kunalibe mkulu wanga. Ndinkadziwa kuti kulanda mphatso m'manja mwa munthu wamkulu, anzake akuona, n'kumuvula. Ndinkadziwanso kuti tikhala m'nyumba yawo mpaka adada atamanga yathu. Mawu anabwela mpaka pakhosi n'kuima pamalo pawo pa masiku onse. Mpeni unkangolila pamwala. Ankhazi anayamba kumasula mfundo ya chitenje.

"Ankhazi," ndinatelo. "A ku Ameleka aja nkhuku zawo sanadye panjila."

Mpeni unaleka kulila.

"Wati a kuti?"

Mpaka lelo sindikudziwa ngati anthuwo sanadyedi nkhuku zawo, chifukwa aphunzitsi sananene. Koma pakamwa panali patatseguka, ndipo sipanafune kutsekeka. Ndinawauza za nyumba zotenthedwa, za tingolo tokoka ndi manja, za ndowe za njati, za nyanja ya mchele, za kakhola komangilila kumbuyo kwa ngolo. Ndinawauza za mbewu zobzalila odza pambuyo, ndi za anyani amene anadya zanga. Ndinkayankhula mothamanga ngati ngolo yotsika chitunda, maso ali pamphasa. Mayi wa mpeni uja anakhala pansi. Wa moto uja anabwelela ndi chikuni m'manja kudzamvela. Pomaliza mpweya unandithela, ndipo ndinanena zimene ndinayenela kuyamba nazo.

"Ili pamazila, ankhazi. Ndi yanga, anandipatsa asibweni. Ndaisenza kuchokela kwathu kuti asasukuse. Pepani. Kugwada kuja ndimatula."

Mayi wa chikuni anayamba kuseka, wa mpeni n'kulandila, mpaka anagwilana mapewa. Ankhazi okha sanaseke. Anandiyang'ana ine, anayang'ana mapazi anga otuwa ndi fumbi, kenako analowetsa dzanja pansi pa thadzi. Linawajompha kolimba, koma sanabweze dzanja. Anatulutsa dzila limodzi n'kuliika pachikhatho.

Linali ndi kabowo. Pakabowopo panali kamlomo kachikasu, kakutseguka ndi kutsekeka.

"Amama ine," anatelo ankhazi motsitsa mawu. Anaika dzilalo kukhutu, kenako kukhutu kwanga. Kanali kaphokoso komwe kaja, kamene ndinkayesa mafupa a m'khosi mwanga. Ndinafuna kudumpha, koma panalibe nkhokwe yapafupi, choncho ndinangoluma nkhata.

Ankhazi anabwezela dzila pansi pa mayi wake mosamala n'kuphimbanso dengu. "Bwezani mpeniwo pa denga," anauza mnzawo. "Tikanadya nkhuku za mudzi wonse pa mbale imodzi." Kenako anandiyang'ana ndi diso lofanana ndi la thadzi lija. "Nanga iwe wa ku Ameleka, adada ako adya chiyani?"

"Amakonda mfutso wotendela, ankhazi."

"Akudziwa yekha kuti amaukonda?"

"Akudziwa," ndinatelo. "Akakula anapiyewa, msoti woyamba ndi wanu."

"Awili."

"Yewo, ankhazi."

"Ndipo uleke kugwadila anthu uli ndi katundu wako m'manja. Tsiku lina udzapeleka mwana."

Pamene ngolo inkalowa m'mudzi, ikukankhidwa ndi amuna opaka matope a njelwa mpaka m'zigongono, panalibe amene anatuluka kukailandila. Amayi onse a mbali imeneyo anali atazungulila dengu langa chonjuta, akuletsana kupuma mokweza. Adada anaima pabwalo, shati ili paphewa, n'kufunsa ngati pagwa zovuta.

"Khala pansi, mlongo wanga," anatelo ankhazi. "Mwana wako watiphunzitsa mbili ya dziko lonse. Ndiwo ndi mfutso."

"Mwana uti?" anafunsa mkulu wanga.

Ankhazi anandiloza. Mkulu wanga anayang'ana kumbuyo kwanga kuti aone ngati kuli wina.

Adada anadya mfutso n'kuwonjezela, ndipo anauyamika mokweza kuposa mmene unkayenela. Ine ndinadya dengu lili pambali panga. Madzi akumwa atabwela ndinalawa n'kuima, chifukwa madzi a pachitsime cha kumeneko ali ndi kamchele pang'ono. Ndinayang'ana mkulu wanga. Iye analawanso, n'kundiloza ndi chala.

"Usayambe," anatelo.

Dzila limodzi linasukusa, ndipo ndinalikwilila pansi pa mpapaya wa ankhazi, m'mphepete mwa njila, popanda kuuza munthu chifukwa chake. Ena onse anaswa. Thadzi tinalimanga mwendo ndi luzi kwa masiku angapo kuti lizolowele bwalo, koma linalibe maganizo othawa. Linkayenda pakati pa mudzi ndi ana ake ngati mwini malo, ndipo amayi ankaliwazila gaga pakhomo lililonse, aliyense akuloza kamwanapiye kamene akufuna kadzakhale kake.

Misoti iwili ija ndinapeleka mvula itayamba, nditagwada, ndi manja awili, ndipo ulendo uno ankhazi anayamba afunsa kaye ngati ndikupeleka kapena ndikutula. Kusukulu yatsopano dzina la wa ku Ameleka linafika ine ndisanafike. Ndikadali wamanyazi, koma aphunzitsi akandiloza, nthawi zina yankho limadutsa pakhosi.

Mwa anapiye aja munali tambala mmodzi, wa khosi lopanda nthenga ngati mayi wake. Tsiku limene anayesa kulila koyamba tinali tikunola makasu kuti tipite kumphanje. Mawu ake anatuluka opindika, ngati chitseko cha dzimbili, n'kuthela panjila. Mudzi wonse unaima. Ankhazi anatuluka m'nyumba mpango uli m'manja, anamvetsela, ndipo tambala atayesanso anagwedeza mutu.

"Sadziwa kuimba," anatelo. "Koma musamuseke. Kuno alibe womuphunzitsa."